Tiyamike Basi Yofika Mochedwa

Makamera a pa mpikisano wa njinga wa Tour de France ndi okondera. Likafika tsiku la mapiri, onse amathamangira kutsogolo kukaonetsa Tadej Pogačar ndi Jonas Vingegaard akusiyana fumbi, ndipo wopambana akalandira maluwa ndi kuyankha mafunso a atolankhani, wailesi za kanema zimasintha pulogalamu. Patapita theka la ola, ochemerera atayamba kale kupinda mbendera zawo, pamatulukira chigulu cha amuna makumi angapo, nkhope zili zyoli, akupalasa osayankhulana. Ku Italy chiguluchi amachitcha gruppetto, ku France amati autobus, ife tingoti basi. Eni ake enieni a basiyi ndi akatswiri a liwiro, aja amene pamsewu wa see amafika makilomita 70 pa ola m'mamita 200 omaliza, koma phiri likangoyamba amasanduka katundu. Anthu amawaseka. Ine ndikuti nzeru, chilungamo ndi ulemu wa mpikisanowu zimakwera m'basi imeneyi, ndipo amene ali kutsogolo aja ntchito yawo ndi kungoyambitsa mavuto.

Tiyambe ndi thupi. Katswiri wa mapiri ngati Vingegaard amalemera makilogalamu pafupifupi 60. Marcel Kittel wa ku Germany, amene anapambana ndime 14 za Tour, ankapitirira makilogalamu 80, ndipo sanali mafuta ayi, inali minofu yomwe ija imene inkamupambanitsa. Kusiyana kumeneku ndi chigubu cha malita 20 chodzaza madzi, ndipo munthu ayenera kukwera nacho Col du Galibier, msewu umene umakathera pa mamita 2,642 pamwamba pa nyanja. Pachigwa mdani wa wopalasa ndi mphepo, ndipo mphepo mungathe kuibisalira kumbuyo kwa mnzanu. Paphiri mdani ndi thupi lanu lomwe, ndipo thupi lanu simungalibisalire. Ndiye taonani chilungamo cha dziko: amene wakwera phiri wopanda katundu amamuveka jezi yachikasu ya wotsogola mumpikisano, amene walikwera ndi katundu amamufunsa kuti anali kuti.

Chinthu chimene chinabala basi ndi lamulo la nthawi. Ndime iliyonse ili ndi malire: amatenga nthawi ya wopambana n'kuwonjezera gawo lina pa 100, malingana ndi kuvuta kwa ndimeyo komanso liwiro limene wopambanayo wayenda nalo. Wofika malirewo atadutsa amachotsedwa mumpikisano, ngakhale atakhala kuti dzulo ndi iye amene anapambana. Vuto ndi lakuti malirewo amadziwika bwinobwino wopambana akamaliza, pamene basi ikadali pakati pa phiri. Choncho m'basimo mumafunika munthu wa masamu, amene akupuma movutikira n'kumawerengera: phiri ili titayapo mphindi zingati, potsika tibweza zingati, m'chigwa tikasinthana kutsogolo tipulumutsa zingati. Bernhard Eisel wa ku Austria anagwira ntchitoyi zaka zambiri, akukoka katswiri wa liwiro Mark Cavendish. Iye asanabwere kunali Eros Poli, chimphona cha ku Italy, amene mu 1994 anatembenuza masamu omwewo: anathawa yekha m'chigwa, anafika patsinde pa Mont Ventoux ali patsogolo ndi mphindi zoposa 20, anazitaya pafupifupi zonse pokwera monga momwe anayembekezera, ndipo zotsala zinamukwanira kukapambana ku Carpentras. Kutsogolo kulibe masamu otere. Kumeneko munthu amangoponda mpaka mnzake atatopa, ntchito imene siifuna mutu kwenikweni.

Luso la basi ndi kufika mochedwa mokwanira, osapitirira komanso osafulumira, chifukwa mphamvu iliyonse yowonongedwa lero ikasowa mawa. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, koma sanaganize kuti tsiku lina kudzakhala anthu olipidwa kuti autsimikizire mwambiwu mpaka pa sekondi. Mu 2022 Fabio Jakobsen wa ku Netherlands anafika pamwamba pa Peyragudes kutatsala masekondi osakwana 20 kuti malire atseke, anzake a timu ataima pamzere akumukuwira, ndipo atangodutsa anakagwera pa mpanda. Munthu yemweyu, zaka ziwiri m'mbuyomo, anatsala pang'ono kufa pangozi ya pamzere womaliza ku Katowice pa mpikisano wa ku Poland. Wopambana ku Peyragudes tsiku limenelo anali Pogačar, ndipo zimenezo zachitika kambiri moti palibe chifukwa chozikumbukira. Pali chinanso chimene makamera saonetsa: poti basi imataya nthawi pokwera, iyenera kuibweza potsika, ndiye amuna olemerawa amatsika mapiri mabuleki akungowakhudza mwaulemu, kopanda wowajambula kapena wowayamika.

Nanga umunthu? Kutsogolo, amene ali pambali panu akuyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati mwatopa, ndipo akaona choncho amawonjezera moto. M'basi anthu a matimu odana amagawana madzi ndi chakudya, amasinthana kutchinga mphepo, ndipo wina akayamba kupalasa mopitirira muyeso amamukalipira, chifukwa akhoza kugwetsa ofooka. Ndi malo okhawo pamasewera a akatswiri kumene kulimbikira kwambiri kuli mlandu. Mawa lake, msewu ukakhala wa see, anthu omwewa amagundana zigongono pa liwiro loopsa ngati sanaonanepo. Ena angati ndi chinyengo. Ine ndikuona anthu odziwa kusiyanitsa tsiku la nkhondo ndi tsiku la maliro, nzeru imene andale ambiri sanaiphunzire.

Otsutsa sasowa. Oyamba amati katswiri wa liwiro ndi waulesi, amagwira ntchito mamita 200 okha, ndipo ngakhale pamenepo amachita kuperekezedwa ndi anzake omwe amamutchingira mphepo mpaka pafupi ndi mzere. Koma msewu wa Tour, makilomita oposa 3,000 m'ndime 21, ndi umodzi kwa aliyense, ndipo amene amachedwa ndiye amakhala pachishalo nthawi yaitali. Mu 2024 Cavendish, ali ndi zaka 39, anasanza ndi kutentha pa ndime yoyamba yochokera ku Florence kupita ku Rimini ndipo anafika mphindi zoposa 30 pambuyo pa wopambana. Pa ndime yachisanu, ku Saint-Vulbas, anapambana ndime ya Tour kachi 35 ndi kupitirira Eddy Merckx amene anali ndi 34. Pamapeto pa mpikisano wonse, ku Nice, anali womaliza pa mndandanda, maola oposa asanu ndi limodzi kumbuyo kwa Pogačar. Tanthauzo lake ndi lomveka: pa ntchito imodzimodzi, Cavendish anagwira maola asanu ndi limodzi owonjezera. Kwina kulikonse munthu wotere amalandira ovataimu, ndipo wothawa ntchito msanga ndiye amaitanidwa ku ofesi.

Achiwiri ali ndi mfundo yolimbirapo. Amati basi imapondereza lamulo pogwiritsa ntchito kuchuluka kwake, ndipo umboni ulipo. Mu 2011, tsiku limene Andy Schleck anapambana pamwamba pa Galibier, anthu oposa 80 anafika malire atadutsa, pafupifupi theka la onse amene anali mumpikisano. Oweruza anayang'ana lamulo, anayang'ana chiwerengero, ndipo anawalola onse kupitiriza, atawadula mapointi 20 aliyense. Cavendish anali m'gululo, ndipo chaka chimenecho anakalandira ku Paris jezi yobiriwira ya wopeza mapointi ambiri. Pa mpikisano wa Vuelta a España wa 2016, ku Formigal, okhululukidwa anaposa 90. Ndiye otsutsa amati ichi ndi chiwembu. Koma taonani zimene zimachitika basi ikaphwasuka. Mu 2018 ku La Rosière, Cavendish, Kittel ndi Mark Renshaw anatsalira kumbuyo ali ochepa, ndipo lamulo lomwe lija, limene linachita manyazi pamaso pa anthu 80, linawatumiza kwawo osaphethira. Mawa lake, panjira ya ku Alpe d'Huez, André Greipel, Fernando Gaviria ndi Dylan Groenewegen anatsika okha panjinga. Ngati lamulo limagwira wosauka amene ali yekha ndi kulonjera amene ali pagulu, cholakwa si cha gulu. Basi inangowerenga khalidwe la olamulira molondola, chinthu chimene mabungwe a apantchito amachitira misonkhano zaka ndi zaka.

Achitatu amanong'ona za magalimoto. Amati kumbuyo kuja, kopanda makamera, munthu akamalandira botolo la madzi kuchokera pa zenera la galimoto ya timu, botololo limakanirira m'manja kwa masekondi angapo galimoto ikuyenda. Zimachitika, ndipo oweruza amalipiritsa. Koma mlandu wotchuka kwambiri wa mtundu umenewu si wa munthu wa m'basi. Amene anathamangitsidwa pa Vuelta ya 2015 atajambulidwa akukokedwa ndi galimoto anali Vincenzo Nibali, katswiri wa mapiri amene anali atapambana Tour chaka chapitacho.

Patsala Mario Cipollini, amene otsutsa amamutulutsa zonse zikawakanika. Mtaliyana ameneyu anapambana ndime 12 za Tour, zinayi zotsatizana mu 1999, koma sanamalizepo mpikisanowu ngakhale kamodzi. Mapiri akayandikira ankalongedza n'kupita kukawothera dzuwa kunyanja, mpaka okonza mpikisano anasiya kuitana timu yake kwa zaka zingapo. Mwina tingamuyamike kuti masamu a basi anawafikitsa pamapeto pake n'kupeza kuti njira yosungira mphamvu yoposa zonse ndi kusakwera phiri n'komwe. Koma iye sangakhale mboni yoneneza basi, poti ndi amene anakana kukhalamo mpaka kokafika. Mboni yoyenera ndi Biniam Girmay wa ku Eritrea. Mu 2024 ku Turin anakhala munthu wakuda woyamba wa ku Africa kupambana ndime ya Tour, anawonjezera zina ziwiri, anagwa ku Nîmes n'kudzuka, ndipo jezi yobiriwira sakanapita nayo ku Asmara akanapanda kuikweza mapiri a Pyrenees ndi Alps, tsiku ndi tsiku, malire a nthawi ali pamsana pake. Jezi imeneyi, imene inayamba mu 1953, mapointi ake amapezeka pachigwa koma mwini wake amasankhidwa ndi mapiri.

Malipiro a mavuto onsewa kuyambira 1975 anali amodzi: ndime yomaliza pamsewu wa Champs-Élysées, wotakasuka bwino, kumene opulumuka a m'basi ankapikisana pamaso pa dziko lonse. Mu 2024 mpikisano unakathera ku Nice chifukwa cha masewera a Olympic, ndipo tsiku lomaliza aliyense anapalasa yekha polimbana ndi wotchi. Mu 2025 anabwerera ku Paris, koma okonza anafufuza mumzindamo mpaka anapeza chitunda cha Montmartre, cha msewu wopapatiza wa miyala, ndipo analamula kuti chikweredwe katatu. Anapambana ndi Wout van Aert, amene anasiya ngakhale Pogačar pachitundapo, mvula ikugwa. Ambiri anati akatswiri a liwiro alandidwa tsiku lawo. Ndikuganiza kuti anthuwa sanawamvetse bwino okonzawo: iwo ataona ubwino wa basi, anaona kuti n'kulakwa kuti anthu a ku Paris okha azimanidwa mwayi woiona ikudutsa.