Pulogalamu yomwe inkangodziwa laputopu yanga

Ndinkafuna kuti ana anga a Fomu 4 ku Luwinga aone ndi maso momwe galafu ya parabola imapindikira ukasintha nambala imodzi yokha. Pa bolodi la choko zimenezi zimadya piriyodi yonse. Choncho ndinasankha SageMath, pulogalamu yomwe William Stein anayambitsa mu 2005. Ndi yaulere, ndipo imasonkhanitsa mapulogalamu a masamu monga Maxima, GAP ndi PARI/GP pansi pa chilankhulo cha Python. Koma ndi yaikulu zedi, ndipo labu yathu ilibe intaneti. Ndinaganiza zoimanga kamodzi pa laputopu yanga kunyumba ku Chibavi, kuiika pa fulashi, kenako kuigawa m'makompyuta onse.

Kumangako kunatenga usiku wonse. Fani ya laputopu inkalira osapuma, ine nditafunda bulangeti chifukwa cha chisanu cha kuno ku Mzuzu. M'mawa ndinalemba lamulo loyamba, parabola n'kutuluka bwinobwino. Ndinapita kusukulu mtima uli m'malo, aphunzitsi aakulu atandipatsa mapiriyodi awiri otsatizana.

Makompyuta a m'labu ndi akale, a Core 2 Duo, amene anatipatsa anthu akufuna kwabwino. Nditakopera zonse, ana analemba mawu akuti sage monga ndinawauzira. Pa sikirini iliyonse panatuluka mzere umodzi: Illegal instruction. Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, talakwitsa ife?" Ndinamuuza kuti ayi, koma chifukwa chake sindinathe kumufotokozera. Tinabwerera ku choko, ana atakhumudwa, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinali nditawalonjeza sabata yathunthu.

Madzulo ndinaimbira mnzanga amene anaphunzira ku Mzuzu University. Anandifunsa funso limodzi: "Achimwene, munaimangira pa makina ati?" Anandifotokozera kuti zigawo zowerengera mwachangu, GMP ndi OpenBLAS, zikamamangidwa zimayang'ana purosesa yomwe zapeza n'kugwiritsa ntchito malamulo ake onse atsopano. Laputopu yanga ili ndi AVX, malamulo amene Intel inabweretsa mu 2011. Core 2 Duo inapangidwa AVX isanabwere, ndiye ikalandira lamulo lomwe siilidziwa imangoima. Opanga Sage anakonzeratu njira yake: ukaika SAGE_FAT_BINARY=yes usanayambe, zigawozo zimanyamula khodi ya mapurosesa osiyanasiyana n'kumasankha yoyenera pulogalamu ikayatsidwa. Mzere umenewo ndinauona m'buku la malangizo, koma ndinaudumpha poganiza kuti ndi wa akatswiri.

Ndinamanganso. Ulendo uno ndinabwereka kompyuta yofooka kwambiri ya m'labu, n'kuinyamula pa kabaza mpaka kunyumba kuti ndiyesere pomwepo. Inachedwa kutsegula, koma parabola inatuluka.

Pofika nthawi imeneyo mayeso a MSCE anali atayandikira, ndipo a Fomu 4 anali atayamba kubwereza mapepala akale, osaloledwanso kulowa m'labu. Amene anaiona parabola ikuyenda ndi a Fomu 3. Mtsikana uja analemba mayeso ake asanaione.