Mapanga awiri avumbwitsa, ngakhale m'chaka cha chilala

Mu 2024 kuno ku Chongwe kunalibe munthu wovumbwa. Mvula inadula chimanga chili m'chiuno, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kuyamba kubwera ngati munthu wozemba ngongole, pakati pa usiku anthu ali m'tulo, tambala asanalire kachiwiri apita. Koma chaka chomwecho ine ndinavumbwa mpaka m'kati, ndili khale pampando, m'nyumba ya malata osadontha. Anandivumbwitsa ndi mapanga awiri, foni ndi laputopu.

Mwambiwu agogo anga ku Katete ankaufotokoza motere. Munthu wina mvula inamupeza kuphiri, kuli mapanga awiri. Analowa loyamba, n'kuona kuti linalo likuoneka louma bwino, nathamangirako. Atafika anakumbukira kuti loyamba lija linali lotakasuka, nabwerera. Mvula pokata, mapanga onse anali gwa kuuma, wonyowa ndi iye yekha. Agogo aakazi ankangoseka n'kunena kuti za mapangazo n'zozungulira chabe, mwambiwu ndi wa mwamuna wamitala. Mkazi wamkulu amati wadya kwa wamng'ono, wamng'ono amati wadya kwa wamkulu, bambo n'kugona ndi njala pamudzi pofuka utsi m'makhitchini awiri.

Ine mitala ndinaikana kalekale pamaso pa abusa. Sindinkadziwa kuti idzandilowera kudzera pa kachingwe ka USB.

Pabanja pathu mwini nyimbo ndine. Zaka zonse za uphunzitsi ndinkatolera, ndipo nditapuma ntchito ndinazisanja m'laputopu ngati mabuku a m'kabati ya ahedi. Kalindula ya Amayenge ndi P.K. Chishala pake, magitala a Paul Ngozi pake, Alick Nkhata pake, Sakala Brothers ndi Angela Nyirenda pake. Ndinakonza mindandanda 5, imene ana amati playlist. Unalipo wa Zaukwati, wa Zamaliro, wa Zamulungu, wa Zakale, ndi wa Zapamsewu womvera m'minibasi makilomita pafupifupi 45 aja a Great East Road popita ku Lusaka. Lucius Banda atamwalira ku Johannesburg pa 30 Juni chaka chimenecho, ndinawonjezera wina n'kuutcha Soldier. Yonse pamodzi 6. Sungani nambala imeneyi, chifukwa sinakhalitse.

Mphwanga wina atakonza zomanga ukwati mu Ogasiti, a komiti anati zolipira DJ palibe, ndalama ipite ku mafuta a jenereta, amalume abwere ndi foni yawo ailumikize ku sipika. Ndinavomera modzitama. Ndinaika m'laputopu pulogalamu ina yoti izigwirizanitsa nyimbo za m'foni ndi za m'kompyuta, ntchito imene pachingerezi amati sync. Inandifunsa ngati ndikufuna kuti zinthu ziziyenda njira imodzi kapena mbali zonse ziwiri. Munthu wokulira m'mudzi, wodziwa kuti kupatsa n'kuika, ndinasankha mbali zonse. Ndinati azipatsana ngati pachibale.

Usiku woyamba magetsi atabwera ndinalumikiza, zinthu n'kuyenda bwino. Usiku wachiwiri ndinapeza Zaukwati ndi Zaukwati 1. Ndinati mwina maso, ukalamba. Pofika Lachisanu mindandanda inali 19. Mbuzi zanga zikanamaswana chonchi bwenzi pano ndili ndi famu ku Kanakantapa.

Mayi a kunyumba ndi amene anayamba kuona ngati nkhani. Anatenga foni kuti aimbire mchemwali wawo, n'kuima chilili pakhomo la kuchipinda.

"Bambo a ana, ukwati tikuudziwa ndi umodzi. Nanga Zaukwati 1, Zaukwati 2, Zaukwati 3, enawa ndi a yani?"

Ndinati ndi makina.

"Makina akufuna kukwatira? Nanga Zamaliro zinayizi mukulosera yani m'nyumba muno?"

Apa m'pamene ndinachita chimene mwamuna aliyense wopanikizidwa amachita, kufulumira kuonetsa kuti vuto ndalithetsa. Ndinafufuta mindandanda yobwereza m'foni. Nditalumikiza, laputopu inaibweza yonse, ngati apongozi obweza mwana wawo ku banja. Ndinaifufuta m'laputopu, foni n'kuibweza. Mtima utakwera, ndinalowa m'mafoda enieni. Ndinaona foda ya Zamulungu ili pawiri, mayina ofanana, ndinafufuta onse awiri m'laputopu, n'kukhuthula ndi bini yomwe kuti malo apezeke. Mumtima ndinkati palibe kanthu, m'foni zilimo. Kenako ndinalumikiza kachingwe kuti zibwerere zoyera.

Pulogalamuyo inachita ndendende zimene ndinailamula tsiku loyamba lija. Inaona kuti bwana wachotsa foda kuno, ndiye kuti saifunanso ndi uko. Masekondi ochepa chabe, nyimbo za Mulungu zinachoka m'mapanga onse awiri, ine n'kutsala pakati, madzi ali chuchuchu.

Mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira pa Chalimbana University, anafika Loweruka ndi chikwama cha zochapa. Anamvetsera nkhani yonse atagwira pakamwa, mwaulemu ndithu, koma mapewa akugwedezeka.

"Amalume, kodi playlist mumaiyesa chiyani?"

Ndinati ndi thumba loikamo nyimbo.

"Ayi. Ndi pepala la mayina a oitanidwa ku ukwati. Alendo enieniwo ali kunyumba kwawo."

Anatsegula kafayilo kena kothera ndi .m3u mu Notepad. Ndinayembekezera kuona zozizwitsa, koma munali mizere ya mawu basi, mzere uliwonse ukunena kumene nyimbo ikukhala, foda yakuti, m'kati mwa foda yakuti, dzina lakuti. Kafayiloko n'kopepuka kuposa chithunzi chimodzi. Kalembedwe kameneka n'kakale, kanatchuka ndi Winamp, pulogalamu yoimbira nyimbo ya mu 1997, nthawi imene ife tinkapotabe tepi ya kaseti ndi bolopeni. Kung'amba pepala la mayina sikupha mlendo aliyense. Ine ndinasiya pepala, n'kukagwetsa nyumba za alendo.

Za kuswana kuja anandifotokozera akudya chimanga chokazinga, ngati nkhani yopanda pake. Foni yanga ili ndi zipinda ziwiri, malo ake a m'kati ndi memori khadi. Chaka chapitacho ndinali nditakopera pamanja foda yonse ya nyimbo ku khadi, timapepala ta .m3u tija tili momwemo. Pulogalamu yatsopanoyi inkalemba timapepala take m'chipinda cham'kati. Foni ikamafufuza zimene ili nazo imawerenga zipinda zonse, ndipo ikapeza mapepala awiri a dzina limodzi sifunsa, imaonetsa onse. Ndiye poti ndinalola njira ziwiri, laputopu inkaona pepala la ku khadi ngati mlendo wachilendo, n'kulitenga. Popeza dzinalo linalipo kale, inkaliphatika nambala kumapeto. Ulendo wotsatira Zaukwati 1 ankapita ku foni ngati mndandanda watsopano. Kulumikiza kulikonse kunali chikuta.

Panalinso nkhani ya wotchi, imene inandichititsa manyazi kwambiri. Laputopu yanga ndi nkhalamba. Batire lake lalikulu linafa, ndipo kabatire kakang'ono kosunga nthawi nakonso kanatha. Magetsi akathima, imadzuka ikukhulupirira kuti ndi 1 Januwale wa chaka china chakale. Mapulogalamu oterewa pozindikira fayilo amayang'ana dzina, kukula kwake, ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza. Wotchi ikasokonekera, kusiyanitsa chatsopano ndi chakale kumavuta, ndipo ena mwa iwo posafuna kutaya kanthu amasunga zonse ziwiri. Kunena zoona, apa makinawo anali ndi nzeru kuposa mwini wake.

Zina zinali zochita zanga zokha. P.K. Chishala, amene anamwalira mu 1995 ali munthu mmodzi, m'foni mwanga anali anthu atatu. Wina anali ndi madontho pa dzina, wina wopanda madontho, wachitatu analembedwa Chisala ndi mnyamata wina wa pamsika amene amaika nyimbo m'makhadi a anthu. Fayilo ya MP3 imanyamula kachikwangwani m'kati mwake kolembapo woimba, mutu wa nyimbo ndi chimbale, ndipo foni imakhulupirira kachikwangwaniko kuposa makutu. Nyimbo zobwera pa WhatsApp ndiye zinalibe ndi dzina lomwe, zinkangotchedwa AUD, deti, WA ndi manambala, ngati ana obadwira paulendo. Imodzi ya Lucius Banda ndinali nayo kasanu, chifukwa sabata ya maliro ake gulu lililonse limene ndilimo linanditumizira. Za anyamata oika nyimbo m'makhadi ndisalankhule zambiri, chifukwa ndine kasitomala wawo wakale. Koma a ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, akanaona foni yanga sabata imeneyo, bwenzi atawerengera kuti woimba mmodzi ndamudyera kangati.

"Ndiye tichite bwanji, mwanawe?"

"Musankhe nyumba imodzi, amalume. Inayo ikhale kocheza."

Mayi a kunyumba ali kukhitchini anayankha okha kuti amen.

Mtsikanayo asanakhudze kanthu anakopera zonse zotsala, za m'foni ndi za m'laputopu, ku fulashi, n'kuizula, n'kundipatsa kuti ndiike m'thumba la jekete ya kutchalitchi. Anati sync si nkhokwe, chifukwa chimene chawonongeka kuno chimakawonongekanso uko. Nkhokwe ndi chinthu chozula n'kuika patali. Anakonza deti ndi nthawi. Anazimitsa zoti pulogalamu iziyamba yokha kachingwe kakangolowa, zimene zinkachititsa kuti ngakhale pongofuna kutchaja foni mindandanda ibereke. Kenako anafufuza mafayilo onse a .m3u m'zipinda ziwiri za foni n'kuwachotsa, akuwerenga mokweza funso lililonse limene foni inkafunsa, kuti tione ngati ikunena za pepala kapena za alendo. M'laputopu anasiya mindandanda 6 yoyambirira, Zamulungu ili mayina okhaokha opanda eni ake. Anauza pulogalamuyo kuti njira ndi imodzi, kuchokera ku kompyuta kupita ku foni, ndipo kofikira ndi ku memori khadi basi. Anazimitsa foni n'kuiyatsanso kuti iwerenge katundu wake mwatsopano. Tinalumikiza kamodzi, 6. Tinazula n'kulumikizanso, dala, kuti tiiyese. Inali 6 yomweyo. Magetsi anathima patangopita mphindi zochepa, ngati ankadikira kuti timalize.

Anandisiyira malamulo awiri. Ndikafuna kusintha mndandanda ndizisinthira pa laputopu, ndipo ndisamakoperenso nyimbo pamanja kwinaku pulogalamu ikugwira ntchito yomweyo, chifukwa ophika awiri pa mphika umodzi aliyense amathira mchere wake. Ndinayesa kudandaula kuti nyimbo yabwino imakupeza uli m'minibasi pa Silverest, laputopu ili kunyumba. Anati ndiisunge pambali, ndikafika kunyumba ndikaipereke kwa mkazi wamkulu. Mawu amenewa anawanena motsitsa, koma kukhitchini anamveka.

Sindikunena kuti njira ziwiri ndi tchimo. Anzanga a ku Lusaka amene amamvera nyimbo pa Boomplay kapena Spotify mindandanda yawo imakhala pa intaneti, foni ndi kompyuta zimangosuzumira pamalo amodzi, ndiye phanga lawo ndi limodzi ngakhale makomo ndi awiri. Koma zimenezo zimadya mabandulo, ndipo penshoni ya mphunzitsi ili ndi ntchito zina. Ife a makhadi ndi mafulashi tidakali ambiri, kuyambira pamsika wa Chongwe mpaka ku Rufunsa.

Ukwati unayenda bwino. Jenereta inalira, kalindula inagwira, azakhali a mkwati anavina mpaka chitenje kumasuka, ndipo palibe nyimbo inabwera kawiri kupatula imene anthu anaipempha okha. Patapita miyezi ingapo Asoli, eni nthaka ino, anasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi, umene amachita chaka ndi chaka kupempha kuti mitambo itsike. Ine ndinaima kumbuyo ndi chipewa m'manja, n'kupempha nawo mvula yeniyeni, yogwera m'munda.

Nyimbo za Mulungu zambiri ndinazipezanso, zina kwa akwaya, zina kwa mnyamata wa pamsika uja, amene anandilemberanso mayina mwa njira yake. Imodzi yokha ndiyo yasowa. Ndi ya amayi a chigwirizano a kumudzi kwathu ku Katete, imene ndinajambula ndi foni yakale pa tsiku la zokolola, malemu amayi anga akutsogolera, mawu awo akupitirira onse monga ankachitira. Kumayambiriro kwake kumamveka nkhuku, ndipo chapakati wina akutsokomola. Ndikukumbuka kuti ndinaitumizako kwa abale angapo pa WhatsApp. Ngati ndinu mmodzi wa iwo ndipo foni simunasinthe, fufuzani m'mafayilo a AUD aja munditumizire. Kamodzi kokha, chonde.