Njira yogonera pa phiri la Zomba osalipira chipinda

Bedi la ku Sunbird Ku Chawe si la aliyense. Mwamwayi pali njira ina yochezera usiku wonse pa phiri la Zomba osatulutsa ngakhale tambala ya chipinda, ndipo eni ma Hilux ndi ma Land Cruiser ena a ku Chinamwali anaitulukira kalekale. Zofunika ndi ziwiri: galimoto ya kilatchi yoyendera mafuta, ndi mwini wake wamakani.

Bwana wofuna ulendowu ayambe wadziwa zida zake, kuti azizinyalanyaza mwadongosolo. Akaponda kilatchi, phazi lake limakankha kapisitoni ka mu masita silinda. Masitayo amatumiza mafuta m'kapaipi mpaka kwa sileve silinda pambali pa giyabokosi, ndipo sileveyo ndiye amakankha foloko kuti injini ileke kukoka magiya. Mayinawa akutanthauza bwana ndi kapolo, ndipo akuyenerana ndi mzinda wa Zomba womwe unali likulu kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka 1975: bwana amakhala pamwamba pouma, kapolo pansi m'matope. Mfalansa Blaise Pascal anafotokoza m'zaka za m'ma 1600 kuti madzi otsekeredwa akapanikizidwa uku, mphamvuyo imafika uko yonse. Mafuta safinyika. Mpweya umafinyika. Kathovu kamodzi m'paipi nkokwanira kuti phazi lizipopa mphepo sileve ali phee.

Kilatchi ili ndi khalidwe loipa lochenjeza msanga. Tsiku lina mmawa pedulo imafewa ngati nthochi yakupsa, livesi nkumakukuta mano mpaka agalu a kwa aneba kudzuka. Apa bwanayo akweze wailesi. Akapeza nsapato yake yanyowa mafuta, kapena kapeti pansi pa pedulo ikuterera, ndiye kuti labala ya kumbuyo kwa masita yatha, matenda omwe eni ma Land Rover amawadziwa ngati dzina la mwana wawo. Mankhwala ake nkukalipira mnyamata wotsuka galimoto. Asayerekeze kugwada nkufunyulula kalabala kophimba sileve, chifukwa akapeza mkati muli monyowa adziwa kuti sileve ndiye akudontha, ndipo kudziwa kumawononga ulendo. Palinso kabisira wina: mafuta m'kabotolo sakutsika, pansi palibe dontho, koma akaponda nkugwira pedulo podikira wakabaza adutse, galimoto imayamba kukwawa yokha. Pamenepo mafuta akuzembera labala mkati mwa masita momwemo. Anthu opanda chidwi ndi phiri amasintha malabala tsiku lomwelo. Bwana wathu anene kuti galimotoyo ili ndi changu.

Pa chivindikiro cha kabotolo ka mafuta opanga galimoto analembapo DOT 3 kapena DOT 4, kutanthauza mafuta a mabuleki. Munthu waulemu wake sawerenga zivindikiro. Athiremo chilichonse choterera chomwe chili pafupi: oyilo wa injini, mafuta a pawa sitiyaringi, zikavuta otsala pa chiwaya cha tchipisi. Malabala a mu kilatchi sanapangidwire oyilo wa injini, choncho amafufuma ngati mandasi, ndipo pakapita masiku ochepa masita ndi sileve amafera limodzi, zomwe zimapulumutsa bwanayo ku ntchito yofufuza wolakwa. Amene manja ake akukana kuchita zimenezi ali ndi njira yofatsa, yothira mafuta oyenera koma a m'botolo lomwe lakhala lotsegula m'buti kuyambira namondwe Freddy mu March 2023. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo Zomba sasowa chinyezi. DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230. Akamwa madzi muyezo wake umatsika kufika 155, madziwo nkumadya zitsulo mkati ndi dzimbiri. Nchifukwa chake ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Bwanayo adikire mpaka ade ngati tiyi wopanda mkaka.

Akakakamizika kupita kwa amakaniko m'mbali mwa msewu wa M3, asataye mtima, mwayi ukadalipo pa mwambo wobulida. Mnyamata wa sipanala amalowa pansi atayala katoni, amavala kapaipi pa nipo ya sileve, mbali inayo m'botolo la Fanta, bwana ali pampando.

"Popani bwana! Popaninso! Gwirani pompo, musasiye!"

Mnyamatayo amamasula nipo, mafuta ndi thovu zimatuluka, pedulo imagwa pansi, iye nkumanganso. Phazi limayenera kudzuka nipo itamangidwa, osati isanamangidwe. Nthawi yabwino yoyankha foni ndi imeneyi. Bwanayo adzutse phazi nipo ili yotsegula, mpweya wonse womwe unatuluka ubwerere kwawo pamodzi ndi alendo.

"Mwasiya kodi bwana?"

"Ayi achimwene, ndangosuntha pang'ono."

Aonetsetsenso kuti palibe akuyang'ana kabotolo kumtunda. Kakauma pakati pa ntchito, masita amameza mpweya ndipo zonse zimayambiranso, dzuwa likulowa kuseri kwa phiri. Mafuta otayikira pa boneti asapukutidwe, amasupula penti mwaulere.

Pena pamapezeka mmisiri wothamanga magazi amene asanaone chilichonse amati, "Apa titsitse giyabokosi." Bwanayo avomere msanga, poti vuto laling'ono silimveka bwino pofotokoza kuntchito. Asafunse funso lomwe limalekanitsa matenda awiri. Ngati magiya akulowa bwinobwino injini itazima koma akukana ikalira, kilatchi sikumasula, ndipo woyamba kufunsidwa ndi masita, sileve ndi mpweya. Ngati pa chitunda injini ikukuwa koma galimoto sikusuntha, fungo la chopserera lili tho, kawirikawiri imakhala puleti yatha, ndipo apo giyabokosi itsikedi. Pa Hilux yakale sileve ali panja, mabawuti awiri basi, ntchito yosafika nkhomaliro. Kunena chilungamo, eni Defender ya injini ya Ford, yomwe inayamba mu 2007, alibe chosankha: sileve wawo anamubisa mkati, ndipo kumufikira nkutsitsa giyabokosi yonse.

Zonse zikakonzeka, asankhe Loweruka la mu June, chiperoni chikuwomba, atenge apongozi akaone dziko. Phirili limapitirira mamita 2,000, ndipo msewu wake wa phula umapindika mokwanira kuti phazi lisachoke pa kilatchi. Azikwera ataponda theka, zonse zitenthe bwino. Pamwamba agule masitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, chifukwa ndiwo mgonero. Asakhutire ndi damu la Mulunguzi, pamene pamadutsa anthu ambiri oti angathandize. Alowe msewu wafumbi, kaya wa ku Emperor's View komwe anaimirira Haile Selassie mu 1965, kaya wa ku Chingwe's Hole, komwe munthu amaona chigwa cha Shire koma osaona makaniko ngakhale mmodzi.

Kumeneko pedulo idzagwa pansi osadzukanso.

Madalaivala akale a m'nkhalango amadziwa kothawira: kuzimitsa injini, kulowetsa giya yoyamba ndi giya yaing'ono ya folo bayi folo, nkuliza galimoto ili m'giya, idzuke modumpha, kenako kutsika pang'onopang'ono osasintha giya, injini ikuthandiza mabuleki. Bwana wathu akumbukire zimenezi batire itatha kale ndi wailesi ija. Nkhungu ikatsika, apongozi afunde kapeti yonunkha mafuta, iye aime pa mwala kufunafuna netiweki.

Mmawa anyamata a nkhuni amadutsa ndi njinga zawo zodzaza mpaka kumwamba, nkupereka moni mwaulemu osafunsa kanthu. Cha m'ma 9 makaniko amatulukira pa njinga yamoto kuchokera ku Chinamwali, botolo losatsegula la DOT 4 lili m'jekete, timalabala tatsopano tili m'thumba la shati pamodzi ndi chingamu. Asanagwire sipanala amayamba wapereka moni kwa apongozi, kenako nkutembenukira kwa bwana: "Wakabazayu mumulipire kaye, akuti kukwera ndi kutsika mitengo yake njosiyana."