Fodya wapachala ndi anthu a pisiweki

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mwambiwu ndi wa masiku a fodya wopera, amene munthu amatsina ndi zala n'kupita naye kumphuno, ulendo waufupi koma wokwanira kuti kamphepo kamulande. M'makomboni a Lusaka onunkhiza fodya achepa, koma fodya wapachala ngwochuluka, ndipo omunyamula ndi anthu a pisiweki: owotcherera mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, akalipentala a ku Mtendere, omanga nyumba ku Kanyama ndi ku George, atelala a ku Chawama, ndi anyamata ojambula zithunzi pa maukwati ku Matero.

Pangano la pisiweki limachitikira pamsewu. Bwana wa kumayadi amaimitsa galimoto, kutsitsa galasi, kuloza geti n'kuti, "Longa ili, koma lokulirapo pang'ono." Pa tepi ya mmisiri palibe mzere wolembedwa kuti pang'ono. Za mtengo amangoti, "Tidzamvana," ndipo za tsiku lolipira amati, "Mwezi ukatha," osatchula kuti mwezi wake uti. Mboni imakhalapo ndithu, mnyamata wophunzira ntchito, kungoti nthawi yonseyo amakhala akudula chitsulo ndi makina aphokoso, ndiye zomwe anaona ndi milomo ikugwedera basi. Ngakhale mtengo utatchulidwa, mpata wa mphepo umatsalabe. Chichotsereni maziro atatu pa kwacha mu 2013, "faifi pini" ikhoza kukhala K5 kapena K5,000, ndipo wolipira amakumbukira tanthauzo limene likumukomera.

Ntchito ikayamba imakula yokha. Womanga woitanidwira mpanda amauzidwa kuti, "Poti mwabwera kale, tangoonaninso chimbudzichi." Chimbudzi chikatha pamabwera khonde, kenako khola la nkhuku za amayi. Zonsezi zimatchedwa kuthandizana, ndipo pa tsiku lowerengerana siziwerengedwa.

Mphepoyi siwomba mbali imodzi. Alipo amisiri amene ndalama ya simenti amaisandutsa lendi ya nyumba, n'kuzimitsa foni mpaka mvula itagwa. Ena amachedwa osafuna. Mu 2024 madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, moti owotcherera ankagona masana n'kudzukira ntchito pakati pa usiku. Geti la Lachisanu linkatuluka patatha milungu, mwini wake n'kudulako ndalama, chifukwa palibe amene ananena poyamba kuti kuchedwa kwa mdima kudzagwera ndani.

Pa malamulo a Zambia pangano lapakamwa ndi pangano ndithu. Chovuta ndi umboni. Lamulo la Employment Code la 2019 limati pangano la ntchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo lilembedwe, koma limateteza wolembedwa ntchito. Mmisiri wodziimira yekha, wobwera ndi zipangizo zake, kawirikawiri amakhala kunja kwa mpanda umenewo. Akathamangira kupolisi amauzidwa kuti ngongole si kuba, apite kukhoti. Ku Small Claims Court maloya saimirira munthu, aliyense amadzilankhulira, ndipo apo m'pamene zimadziwika kuti wosalipira amalankhula bwino kuposa wogwira ntchito, popeza miyezi yonse imene mnzakeyo amanyamula mabuloko, iye amaphunzira kuzemba. Woweruza akafunsa chomwe anagwirizana, "tidzamvana" salowa m'faelo.

Pepala lofikitsa fodya kumphuno silifuna loya kapena chidindo. Tsamba la m'kope la mwana wa sukulu limakwana: maina a onse awiri ndi manambala a NRC, ntchito ndi miyeso yake, wogula zipangizo, mtengo m'manambala, ndalama yoyambira, tsiku la yotsala, ndi chiganizo chimodzi chakuti ntchito yowonjezera ili ndi mtengo wake. Masamba akhale awiri, chifukwa limodzi likasungidwa kwa bwana limadyedwa ndi makoswe pa nthawi yake yeniyeni. Lamulo la Electronic Communications and Transactions la 2021 limalolanso mauthenga a pafoni kukhala umboni, choncho uthenga wa WhatsApp wotchula mtengo, ndi uja wa Airtel Money kapena MTN wosonyeza ndalama yoyambira, ndi ofunika kusunga, bola foniyo isagulitsidwe podikira malipiro.

Chotchinga chachikulu ndi manyazi. Kutulutsa cholembera pamaso pa mkulu wa mpingo kumamveka ngati kumutcha wakuba, ndipo iye amafunsa modandaula kuti, "Kodi simundikhulupirira?" Ovuta koposa ndi achibale. Alamu sasaina, sakana ngongole, salipiranso. Nkhani ikakula imathera pa msonkhano wa banja, pamene mmisiri amauzidwa kuti apepese chifukwa chokumbutsa wamkulu ngongole pagulu, kenako amapemphedwa kuti, poti wabwera kale, aoneko chitseko cha kukhitchini.