Mfuti yanga imamva chisanu

Akhwangwala atandithera anapiye asanu ndi awiri, ndinadandaulira alamu anga a ku Joni. Pa Khirisimasi anafika kuno ku Luchenza ndi katoni yaitali. Mkatimo munali mfuti ya mpweya ya Crosman ndi timabotolo tachitsulo tisanu, totalika ngati chala, kalikonse ka magalamu 12 a CO2. "Alamu, iyi ndi mphatso," anatero. Pobwerera ananyamula mbuzi yanga.

Kabotolo koyamba kanathera pa chitini, poti anthu ochokera kothyola tiyi anaima pamsewu kundionerera, ndiye mwamuna sangaleke msanga. Poyamba chitini chinkadumpha. Nditaomba maulendo makumi angapo, kachipolopolo kanayamba kutuluka ngati nkhalamba ikulavula njere ya bwemba. Kabotolo kachiwiri ndinakalowetsa n'kupachika mfuti kukhoma. Alamu sanandiuze kuti kabotolo kakabooka sikatsekekanso. Tsiku lofuna kuomba ndinapeza mpweya unasamuka kalekale, osatsanzika.

Kenako mu Juni kunagwa chiperoni. Kukazizira mpweya umenewu umafooka, ndiye mfuti nayo inayamba ulesi. Ndinkaifungatira m'jekete ngati khanda, khwangwala ali pa bulugamu, atavala kolala yake yoyera, akundiyang'ana mwachisoni ngati abusa pamaliro.

Timabotolo titatha ndinazungulira msika wonse. Wina anandilozera gasi wophikira, wina pampu ya njinga. Aphunzitsi ena anandiuza kuti mpweyawo ndi womwe uja umachita thovu mu Fanta. Madzulo ake ndinakhala nthawi yaitali, botolo kudzanja ili, mfuti kudzanja linalo, mpaka mayi akunyumba anati, "Bambo a Chikondi, musayerekeze."

Alamu ananditumizira mtengo wa timabotolo pa WhatsApp, m'marandi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi ndimaipatsa moni nditavula chipewa. Nditawerengera zotumizira pa basi, ndinaona kuti n'kwabwino kumangomugulira khwangwalayo nkhuku yootcha mwezi uliwonse, tigwirizane ngati anthu akuluakulu.

Dzulo Chikondi anapempha timabotolo topanda kanthu tija. Ali ndi legeni ya chubu chakale cha njinga yanga. Kabotolo koyamba komwe, nthenga zakuda zinali mbwee pabwalo, khwangwala akuthawa molowera ku Mulanje.

Mfuti ija tsopano ndi mpiringidzo wa khola, ndipo kumeneko siisowa mpweya.