Fodya wa Pachala ku Zvishavane

Agogo anga, amene anachoka ku Dedza kudzakumba asibesitosi mu mgodi wa Shabanie, ankakonda kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Akanadzuka lero akanadzifera okha kachiwiri, chifukwa Naphiri, mwana wa mlongo wanga, watsegula sitolo yogulitsa fodya wa pachala yekhayekha.

Sitoloyo ilibe khomo kapena shelefu, ili pa WhatsApp basi. Amaikapo zithunzi za nsapato, mawigi ndi mapoto, zonse zikadali m'masitolo a eni ake ku Musina. Iwe ukakopeka umatumiza ndalama pa EcoCash, iye n'kutuma wa basi akaoloke Beitbridge akagule.

Nditamufunsa ngati kumeneku si kugulitsa mphepo, anandiyang'ana mwachifundo ngati wodwala.

"Atsibweni, simunamve za Jeff Bezos?"

Ndinapatsidwa phunziro ndili chiimire. Mu July 1995 bamboyo anayamba kugulitsa mabuku pa intaneti kufupi ndi Seattle, ndipo ambiri mwa mabukuwo ankachita kukawaoda kasitomala atalipira kale. Anaika kabelu koti kazilira oda ikalowa, koma posakhalitsa anakazimitsa poti kanayamba kusokosa. Kampani yake ya Amazon inakula ikuluza ndalama chaka ndi chaka, phindu la chaka chathunthu n'kudzaoneka mu 2003. Oikamo ndalama anangokhala duu, chala chili m'mwamba, zaka zonsezo.

Vuto ndi lakuti Bezos sanagulitsepo kalikonse ku Mandava kapena ku Maglas. Kuno mwambi wa agogo anthu anauphunzira ndi misozi. Anaona Shabanie itaima, antchito akudikira malipiro mpaka imvi. Abale athu a ku Redcliff anaona ng'anjo za Ziscosteel zikuzima mu 2008. Tinagwirapo pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni, mu 2016 kunabwera ndalama za mabondi, mu 2024 ndalama ya ZiG. Munthu wotereyu ukamuonetsa chithunzi cha poto, amayamba wachigogoda ndi chala kuti amve ngati chikulira.

Ndiye makasitomala anamuuza Naphiri mosapsatira kuti abweretse kaye katunduyo amugwire, dola ya ku America ituluka pambuyo. Akazi a antchito a ku mgodi wa Mimosa anawonjezera lamulo lawo: atenga lero, alipira pakutha pa mwezi. Makorokoza, aja okumba golide paokha, ndiwo makasitomala okoma, amagula nsapato mapeyala atatu osanenerera, kungoti mawa lake foni yawo imakhala pansi pa dzenje. Sitolo yopanda khomo ija tsopano yadzaza chipinda changa chochezera, ndipo mwini wake amayenda khomo ndi khomo chikwama chili pamutu, ngati mmene mayi ake ankagulitsira tomato.

Mpamba wa zonsezi unachokera kuti? Bezos anathandizidwa ndi makolo ake, Naphiri ali ndi ine. Ndinapereka madola 200 a penshoni, ndipo amanditchula kuti "investor" akafuna kuti ndiwonjezere ena.

Mwezi watha ndinalimba mtima n'kufunsa za phindu langa.

"Tikadali pa siteji yokula, atsibweni. Koma ndakuoderani nsapato."

Ndazionadi pa foni: zakuda, saizi 9, zonyezimira bwino. Akuti basi yake ili pa mzere ku Beitbridge kuyambira Lachiwiri.