Atsinakhutu ndi Lamulo la Theka la Supuni

Mwambi wakuti wakutsina khutu ndi mnansi unasiyidwa ndi makolo pofuna kuphunzitsa kuti wodzudzula mnzake amamufunira zabwino, koma makolowo, mwina chifukwa chothamangira kumunda, anaiwala kutchula zinthu ziwiri zofunika, zomwe ndi utali wa nthawi yomwe khutu liyenera kutsinidwa ndi chomwe mwini wake achite likathothoka. Mpata umenewu ndiwo unabereka anthu omwe m'nkhani ino atchedwa atsinakhutu, kutanthauza odziyesa olungama amene amapweteka anzawo ali ndi chikhulupiriro chonse chakuti akuwathandiza, ndipo amadabwa kwambiri wopwetekedwayo akachoka osathokoza. Phunziroli silikanafunika pakanapanda mtengo wa shuga, womwe m'dziko lolima nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa umakwera ngati nzimbezo zimaoloka nyanja pa ndege, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe anthu anafotokozeredwa mofatsa kuti ululuwo ndi wokomera iwo omwe.

M'pofunika kusiyanitsa mtsinakhutu ndi abale ake awiri omwe amafanana naye nkhope. Woyamba ndi Fisi wa m'nthano, amene akalowa m'khola amadya mbuzi chifukwa cha njala basi, ndipo sanamvekepo akuuza mbuziyo kuti akuipulumutsa ku nkhupakupa. Wachiwiri ndi wachiphamaso, ndiye kuti munthu wovala chilungamo ngati jekete la Lamlungu, monga Tartuffe wa m'sewero la Molière la mu 1664, yemwe ankaonetsa kupembedza m'nyumba ya Orgon maso ali pa mkazi ndi chuma cha mwini nyumbayo. Awiriwa ali ndi ubwino umodzi, woti amapumula, pakuti Fisi akakhuta amagona ndipo wachiphamaso akatseka chitseko amakoleka jekete pamsomali. Mtsinakhutu alibe choti avule, ndipo chikumbumtima, chomwe mwa anthu ena chimagwira ntchito ya mabuleki, mwa iye ndi kondakitala wouza dalaivala kuti aponde moto.

Mlembi wa nkhani ino, bambo wa ana anayi yemwe malipiro ake amafika pa 27 n'kutsanzika pa 3, anafika pa phunziroli kudzera pa golosale ya m'dera lake, yomwe mwini wake akakweza mtengo wa paketi amaikapo basera wa uphungu wakuti shuga wambiri amadwalitsa. M'malo mokwiya, mlembiyo anatola uphunguwo n'kupita nawo kunyumba, motsatira chikhalidwe chodziwika chakuti wotsinidwa khutu sabwezera womutsinayo koma amakasaka khutu laling'ono kuposa lake. Madzulo omwewo banja lonse linasonkhanitsidwa pa mphasa n'kumva Lamulo la Theka la Supuni, lonena kuti kapu iliyonse ya tiyi izilandira theka la supuni yaing'ono ya shuga, ndipo kuti lamuloli silikukhudzana m'pang'ono pomwe ndi thumba la bambo koma mano a ana, magazi a mayi awo ndi tsogolo la fuko.

Pochita zimenezi mlembiyo anakhala pa benchi imodzi ndi Thanos wa mu filimu ya Avengers: Infinity War ya mu 2018, amene ataona kuti zamoyo zachuluka kuposa chakudya anasonkhanitsa miyala 6 yamphamvu, n'kuliza zala kamodzi, theka la zamoyo zonse n'kusanduka fumbi. Mlimi aliyense angafunse chifukwa chomwe munthu wa mphamvu zotere sanangochulukitsa chimanga kapena kutsitsa mtengo wa feteleza, koma funsolo limangoonetsa kusadziwa mtima wa mtsinakhutu, yemwe sakhulupirira chithandizo chosaliza munthu. Kuti apeze umodzi mwa miyalayo, Thanos anaponya kuphompho Gamora, mwana amene anamulera yekha, misozi ili mbwembwembwe. Ndipo chiwerengero chitatha, iye anapezeka mu theka lotsala, atakhala phee kumunda kwake kuyang'ana dzuwa. Mlembi naye anagwetsako msozi poona ana akumwa madzi otentha a mtundu wa tiyi, ndipo msoziwo unamutsimikizira kuti ndi bambo wabwino.

Patatha sabata imodzi, mzere womwe mlembi ankalemba ndi bolopeni pa botolo la shuga usiku uliwonse unaulula kuti masupuni awiri asowa, ndipo apa m'pamene m'nyumbamo munalowa mzimu wa Javert, wapolisi wa m'buku la Victor Hugo lotchedwa Les Misérables la mu 1862. Javert anabadwira m'ndende, ndipo anakula akukhulupirira kuti lamulo ndi chilungamo ndi chinthu chimodzi, kotero kuti Jean Valjean, amene anaba buledi mmodzi kuti adyetse ana 7 a mlongo wake n'kukhala m'ndende ya ku Toulon zaka 19, 5 za bulediyo ndi 14 zoyesa kuthawa, kwa iye anakhalabe wakuba ngakhale atasintha, n'kutsegula fakitale yolemba ntchito amphawi, n'kukhala meya wa tauni. Wapolisiyu sankalandira ziphuphu, sankanama, ndipo akadzikayikira kuti walakwa ankapempha yekha kuchotsedwa ntchito, zomwe zikusonyeza kuti munthu akhoza kukhala woyera ngati ufa wa pa mphale n'kukhalabe tsoka kwa aliyense wokumana naye. Mwa mzimu umenewu ana anayi anaimitsidwa pamzere potsatira misinkhu, malilime awo anayenderedwa ndi tochi ya pa foni, wamng'ono wa zaka 4 anafunsidwa kumene anali Lachitatu madzulo, ndipo nyerere zomwe zinapezeka pafupi ndi botolo zinatsatidwa mpaka kuuna kwake, komwe zinakana kuyankha mafunso.

Mlanduwo unatha pamene mayi a kunyumba, omwe anamvetsera zonse akusenda mbatata, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kachitini ka shuga kochokera m'thumba la jekete la Lamlungu lija, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Bambo, kodi shuga wa m'jekete mwanuyu ndiye wosadwalitsa?" Javert, atapulumutsidwa moyo ndi Valjean yemweyo n'kulephera kumvetsa kuti wakuba angakhale wachifundo, anadziponya mumtsinje wa Seine, koma mlembi, pokhala kuti pafupi ndi nyumba yake pali ngalande yofika m'mapazi yokha, anasankha kufotokoza. Anati kachitiniko ndi nkhokwe ya padera, ndiye kuti chuma chosungidwa kuti chidzathandize pa ngozi, ndipo sichinali chifukwa chake kuti ngoziyo inkagwa m'mawa uliwonse 5 koloko ana asanadzuke. Anawonjezera kuti popeza mutu ukakula sulewa nkhonya, mutuwo uyenera kudyetsedwa molingana ndi nkhonyazo. Owerenga angaganize kuti apa mlembi anagwera m'gulu la achiphamaso, koma chomvetsa chisoni n'chakuti iye ankakhulupirira mawu ake onse, monga Brocklehurst wa m'buku la Charlotte Brontë lotchedwa Jane Eyre la mu 1847, woyang'anira sukulu ya atsikana amasiye ya Lowood, amene anadzudzula mphunzitsi wamkulu chifukwa chopatsa ana buledi ndi tchizi phala litapserera, n'kulamula kuti tsitsi lopotana la mtsikana wina limetedwe pofuna kumuphunzitsa kudzichepetsa, nthawi yomweyo mkazi wake ndi ana ake akulowa atavala silika ndi ubweya, tsitsi atalipotapota.

Pa atsinakhutu onse a m'mabuku, amene sasekeka ndi Eugene Achike wa m'buku la Chimamanda Ngozi Adichie lotchedwa Purple Hibiscus la mu 2003. Bamboyu ndi mwini mafakitale ndi nyuzipepala yolimba mtima ku Enugu, Mkatolika wosaphonya Misa, wolipirira sukulu ana a anthu ena ambiri, ndipo ubwino wake wonsewo ndi weniweni. Koma atamva kuti mwana wake Kambili, wa zaka 15, anagona nyumba imodzi ku Nsukka ndi agogo ake otsatira chipembedzo cha makolo, anamuimika m'bafa n'kumuthira madzi owira a m'ketulo kumapazi, uku akulira, kuti mwanayo adziwe kuti tchimo limaotcha. Mkazi wake anamumenya mpaka kupita padera. Misozi ya bambo ameneyu siinali yabodza, ndipo m'pamene pagona vuto lonse, pakuti munthu wankhanza akalira amayamba kudziona ngati iyeyo ndiye wapwetekedwa, ndipo wopsa mapazi uja amasanduka wofunika kupepesa.

Chinthu chimodzi chimapezeka mwa onsewa, kuyambira ku Lowood mpaka ku Enugu: palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa mwini khutu. N'zoona kuti ululu wina ndi wofunika, dzino lobooka limazulidwa, ndipo ndalama yomwe kubanki ili ndi mtengo wina pomwe pamsika wamseri ili ndi wina singakhale choncho mpaka kalekale. Koma wolengeza ululu wokomera onse akamabwera pa galimoto yomwe mafuta ake salipira yekha, n'kubwerera kunyumba komwe botolo la shuga lilibe mzere wa bolopeni, pomwe mayi wogulitsa mandasi pa depoti watseka geni yake osafunsidwapo kalikonse, mawu akuti tipirire limodzi amakhala chipongwe, ndipo kuyembekezera kuti mayiyo aombe m'manja n'kumuba kachiwiri.

Mlembi anawerenga buku la Adichie mpaka kumapeto, komwe Beatrice, mkazi wa Eugene, amaulula kuti ankathira chiphe mu tiyi wa mwamuna wake, ndipo kuyambira tsiku limenelo Lamulo la Theka la Supuni linaunikidwanso mwachangu. Botolo, bolopeni ndi kachitini ka m'jekete zinaperekedwa m'manja mwa mayi a kunyumba, omwe ataona kuti ana akukula ndipo akufunika mphamvu za kusukulu, anawabwezera supuni yathunthu, ndipo ataonanso kuti mimba ya bambo yayamba kutsogola pakhomo mwini wake asanafike, anagamula kuti kapu yawo izilandira theka la theka lija. Chigamulochi chinaperekedwa ndi mawu ofatsa, dzanja lili paphewa la mlembi, ndipo maso a mayiwo anaoneka ngati alengeza misozi, ngakhale pa nthawiyo ankadula anyezi. M'mawa uliwonse wamng'ono wa zaka 4 uja ndiye amayeza mlingowo, amapungulako njere zingapo akaona kuti zachuluka, kenako amaima pomwepo manja ali kumbuyo mpaka bambo ake atanena zikomo.